Catnip: ndigule mbande, kapena n'kutaya ndalama chabe?

Mwini Chona: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi amphaka awiri okhalira m'nyumba, ndipo wamkuluyo wayamba ulesi, tsiku lonse ali thasa pampando. Ndaona anthu akugulitsa mbewu ndi mbande za catnip, akuti mphaka akangonunkhiza amayamba kusewera. Kodi n'zoona, kapena n'zokometsera malonda?

Wadimba: Gulani achemwali, musachedwe n'komwe. Wanga akangomva fungo amabwera chothamanga, n'kuyamba kukhula masaya ndi chibwano pamasambapo, kenako amagubuduka chagada, dovu lili chuchuchu, miyendo yakumbuyo ikupalasa m'mwamba. Zimatenga mphindi 10, mwina 15, basi amadzuka n'kumapita. Mukamupatsanso pomwepo salabadira, mpaka papite kanthawi, nthawi zina ola limodzi kapena awiri.

Wokayika: Ine ndinagula. Mphaka wanga ananunkhiza, n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kuchokapo. Chomeracho chikadalipo pakhonde, zikusangalala nacho ndi njuchi.

Wa Ziweto: Nonse awiri mukunena zoona, ndipo nkhani yagona pomwepo. Si mphaka aliyense amene amatengeka ndi catnip, zimayendera mtundu. Mu 2017 kafukufuku wa Sebastiaan Bol ndi anzake, pa amphaka 100, anapeza kuti pafupifupi mphaka mmodzi mwa atatu alionse alibe nazo ntchito. Ndiye a Mwini Chona, musanagule mbande, gulani kaye kapaketi kakang'ono ka catnip wouma. Tsinani pang'ono, fikisani ndi zala kuti fungo lituluke, ikani pansi muone. Akagubuduka, kagulenitu mbande. Akangodutsa, mwapulumutsa ndalama ndi mphamvu zothirira.

Wadimba: Koma achimwene, wouma uja nthawi zina amakhala atagonera m'sitolo mpaka fungo linatha. Munthu angaganize kuti mphaka wake samva, chikhalirecho wamupatsa zinyalala.

Wa Ziweto: Apo mwalasa. Mafuta amene amagwira ntchitoyo, nepetalactone, amauluka paketi ikakhala yotsegula kapena padzuwa. Ndiye sankhani wobiriwira bwino, wa masamba ndi maluwa ambiri osati timitengo, ndipo inuyo mumve fungo mukatsegula. Kapena pemphani masamba awiri atatu kwa mnzanu amene anadzala kale.

Mayi a Ana: Ine funso langa ndi lina. Chimenechi si chamba cha amphaka? Sindikufuna kuti chiweto changa chizolowere, mawa chiyambe kulira usiku wonse chikufuna masamba.

Wa Ziweto: Ayi mayi, mtima pansi. Mphaka sazolowera moti n'kumavutika akasowa. Mphamvu yake imalowera m'mphuno, mphaka safunika n'komwe kumeza. Akatswiri a pa yunivesite ya Iwate ku Japan anaonetsa mu 2021 kuti amphaka akanunkhiza nepetalactol, amene ndi m'bale wake wa nepetalactone ndipo amapezeka m'chomera china chotchedwa silver vine, m'magazi mwawo mumachuluka beta-endorphin, timadzi ta m'thupi tomwe timachititsa kumva bwino. Atawabaya mankhwala otseka njira imeneyo, amphakawo anasiya kugubuduka. Chimene muyenera kusamala ndi kudya kwambiri: akameza masamba ambiri amatha kusanza kapena kutsegula m'mimba. Komanso alipo ena amene amalusa pang'ono akanunkhiza, ndiye ngati muli ndi awiri, koyamba apatseni payekhapayekha.

Agogo a Maluwa: Ana inu mukukamba za mphaka yekha, za chomeracho mwaiwala. Ine ndimati gulani mbande, mbewu zisiyeni. Mbewu zake n'zing'onozing'ono, zimamera mwa apo ndi apo, ndipo kambande kakangotuluka mphaka amakagonera, kutha kwake n'komweko. Catnip ndi wa banja limodzi ndi minti, tsinde lake lili ndi ngodya zinayi, masamba ake ngotuwirako, okhala ndi mano m'mbali. Kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Amafuna dzuwa ndi dothi losasunga madzi. Ambiri amamupha ndi chikondi, kuthirira m'mawa ndi madzulo mpaka mizu kuwola. Pisani chala m'dothi, likakhala louma ndiye thirirani. Akakhazikika amatalika mpaka pafupifupi mita imodzi ndipo amaphukanso chaka ndi chaka. Muzitsina nsonga kuti achite nthambi zambiri. Ndipo mverani ichi: mukadula nthambi n'kuiika m'madzi imatulutsa mizu, ndiye mbande imodzi ndi yokwanira, zina mudzachulukitsa nokha.

Wokayika: Agogo, mwaiwala kunena kuti amafalikira. Anga anagwetsa njere, pano akumera m'miphika ya maluwa ena.

Agogo a Maluwa: Chifukwa munawasiya achite maluwa mpaka kukhwima, mwanawe. Dulani maluwa asanaume. Ndi nthawi yomweyonso yabwino kukolola, chifukwa fungo limakhala lamphamvu akayamba maluwa. Mangani timitolo, pachikani pamthunzi podutsa mphepo, akauma sungani m'botolo lotseka bwino. Kufiriji amakhalitsa kwambiri. Mukafuna choseweretsa, thirani pang'ono m'sokosi yakale n'kumanga mfundo.

Wadimba: Chenjezo limodzi kwa amene mukukagula: werengani dzina pa kachikwangwani. Mukufuna Nepeta cataria. Pali wina wa maluwa okongola a pepo, Nepeta faassenii, amene amagulitsidwa ngati catmint. Ameneyo ndi wokongoletsa pakhomo, amphaka ambiri satengeka naye kwenikweni. Musasokonezenso ndi udzu wa amphaka uja, umenewo ndi tirigu kapena oats womera kumene, wongotafuna.

Mayi a Ana: Ndinamva kuti amathamangitsanso udzudzu. Ngati n'zoona ndiye ndigula ngakhale mphaka akane.

Wa Ziweto: Mafuta ake udzudzu umadana nawo, zimenezo zinayesedwa ku Iowa State University ku America mu 2001, ndipo a ku Iwate aja anapezanso kuti mphaka wopakidwa nepetalactol sateredwa ndi udzudzu wambiri. Koma chomera chongoima pazenera sichitulutsa fungo lokwanira kuteteza chipinda. Fungo limatuluka masamba akatswanyidwa. Musagule pa chifukwa chimenecho, ndipo neti musaichotse.

Wokayika: Ndiye ife amene amphaka athu anakana, tizingoonerera anzathu?

Wa Ziweto: Yesani silver vine, ku Japan amati matatabi. M'kafukufuku wa 2017 uja amphaka pafupifupi 80 mwa 100 anatengeka naye, kuphatikizapo ambiri mwa amene anakana catnip. Amagulitsidwa ngati ufa kapena timitengo totafuna.

Wadimba: Chinanso achemwali, mukadzala panja konzekerani alendo. Amphaka a anthu oyandikana nawo adzabwera, ndipo adzagona pambande zanu mpaka kuthyoka. Vindikirani ndi waya wa nkhuku kuti azingotafuna masamba otulukira kunja, kapena kolekani mphikawo m'mwamba.

Mwini Chona: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi kapaketi kouma, monga anenera a Wa Ziweto. Nanga wamng'onoyu, wa miyezi iwiri, ndimuyesenso?

Wa Ziweto: Ameneyo musamuwerengere panopa. Tiana ta mphaka sititengeka mpaka titafika miyezi itatu, tina mpaka isanu ndi umodzi, ndipo tina timachita kuthawa fungolo. Yesani wamkuluyo yekha, wamng'onoyo mudzamuyese akakula.