Crossword ya Chichewa ikukanika pa mzere wapansi, thandizeni nzeru

Wamabokosi:
Akuluakulu, ndili pa vuto ndipo ntchito ikufunika Lachisanu. Akonzi andipempha kuti ndiyambitse crossword (masewera odzaza mawu odutsana m'mabokosi) ya Chichewa ya tsiku ndi tsiku, iliyonse ikhale ndi mutu wake. Akufuna yofanana ndi ya nyuzipepala ya New York Times: chilembo chilichonse chikhale m'mawu awiri, opingasa ndi otsika, pasapezeke mawu a zilembo ziwiri, ndipo ukatembenuza pepala chadodolido mabokosi akuda akhale pomwe anali. Chimango changa ndi cha mabokosi 13 mulitali, 13 mulifupi. Mutu woyamba ndi zamoyo zakutchire. Poti pepala likatembenuzidwa lizioneka chimodzimodzi, mawu aliwonse amafunika mnzake wofanana naye kutalika. NYAMALIKITI ndi BIRIMANKHWE akugwirizana, onse ali ndi zilembo 11. CHIPEMBERE wa zilembo 10 alibe mnzake, ndipo pa mzere wapakati sangakwane ndendende. Koma chondisowetsa tulo ndi china: ndalowetsa mndandanda wa mawu mu Qxw, pulogalamu ya pakompyuta yodzazira mawu m'chimango, pamwamba ikudzaza bwinobwino, ikangofika kumunsi yaima. Kodi mawu anga ndi ochepa?

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene, ngakhale mutalowetsa dikishonale yonse, sizitheka. Taganizirani. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu: a, e, i, o kapena u. Mzere wapansi penipeni ndi pomwe mawu onse otsika amathera. Ngati bokosi lililonse pa mzerewo ndi mathero a mawu otsika, ndiye kuti mawu opingasa a pamenepo akhala a, e, i, o, u okhaokha. Mundipezere mawu otero a zilembo zisanu. Chimodzimodzinso mzere wa kumapeto kudzanja lamanja, ndiponso pamwamba pa bokosi lakuda lililonse. Malamulo mukutsatirawo anakhazikika nthawi ya Margaret Farrar, amene anayamba kukonza crossword ya nyuzipepala imeneyo mu 1942, ndipo amayenda bwino chifukwa Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri othera ndi S, D, T kapena R. Ife tilibe. Akonziwo muwafotokozere mwaulemu kuti vuto lili pa chimango, osati pa inu.

Nachisale wa Masewera:
Zoona zimenezo bambo. Ine ndimagwiritsa ntchito chimango cha ku Britain, chonga cha The Times, chomwe pafupifupi theka la zilembo silikumana ndi mawu ena. Mawu amadutsana pa bokosi loyamba, lachitatu, lachisanu, kumadumpha limodzi. Kutembenuza chadodolido kuja kumakhalapobe, ndiye akonzi sadzadandaula za maonekedwe.

Chinsinsi chake ndi kuyambira pansi, osati pamwamba. Pa mzere womaliza mukufunika mawu oyamba ndi lembo la liwu, kenaka osinthanasinthana mpaka kumapeto. ULEMU, UFULU, USIKU, ULUSI. A zilembo 7 pali UBATIZO. A 9 pali ULEMERERO ndi UTAWALEZA, amene ndimawakonda kwambiri chifukwa funso lake limatuluka lokoma. Ndili ndi kope lomwe ndimangosungamo mawu a mtundu umenewu, poti pa crossword ya tsiku ndi tsiku amatha msanga, ndipo owerenga akaona UFULU katatu pa sabata amayamba kulemba makalata. Mzere wa kudzanja lamanja muuchite chimodzimodzi. Mbali ziwirizi zikakhazikika, mkatimo mumayenda mofewa.

Wamabokosi:
Achemwali mwandimasula. Ndajambula chimango chatsopano, UFULU ndi UBATIZO akwana pansi ndi bokosi lakuda limodzi pakati pawo. Nanga CHIPEMBERE uja ndimutaye?

Kadzidzi:
Musamutaye, ndiye nyama yomwe aliyense aidziwe msanga, ndipo wosewera amafunika khomo lolowera. Mnzake alipo: NANZIKAMBE, zilembo 10. Kungoti ameneyu ndi birimankhwe yemweyo, ndiye simungaike onse awiri pokhapokha mutafuna kuti funso likhale limodzi mayankho awiri, zomwe ndi zosangalatsa koma osati pa tsiku loyamba. Chotsani BIRIMANKHWE, pamalo pake ikani CHINKHANIRA, nayenso ndi 11, ayende ndi NYAMALIKITI. Mwapindulanso kwina: ena amalemba bilimankhwe, ena birimankhwe, mukanalandira madandaulo.

Mphunzitsi Wopuma:
Pa L ndi R pamenepo ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe crossword zambiri za Chichewa zimakhumudwitsira anthu. Lamulo la kalembedwe ndi loti R amabwera pambuyo pa i kapena e, kwina konse ndi L. Koma anthu ambiri salitsatira, ndipo wina adzalemba CHIPEMBELE ali ndi chikhulupiriro chonse. Mukaika mawuwa pa mzere wachitatu kuyambira bokosi loyamba, R akugwera pa bokosi la 9, pomwe pakudutsa mawu otsika. Pamenepo sankhani mawu odziwika kwambiri monga PEREKA. Musaikepo dzina lachilendo, chifukwa mawu awiri okayikitsa akakumana pa chilembo chimodzi, wosewera amangolota, ndipo kumeneko si kusewera mwachilungamo. Bokosi loyamba lili ndi C, ndipo C wathu sayenda popanda H. MACHESI akukwana potsika.

Nachisale wa Masewera:
Ndiwonjezerepo za ng'. Mutu wa nyama sungathe popanda NG'ONA kapena NG'OMBE kutulukira tsiku lina. A ku Wales amaika ch, ll, ng ndi zina zotero m'bokosi limodzi, a ku Netherlands amatero ndi IJ. Ine sindimatero. Ndimalemba N ndi G m'mabokosi awiri, kachizindikiro kaja osakawerengera, ndipo pansi pa chimango ndimaika chiganizo chimodzi chofotokoza zimenezi tsiku lililonse. Ŵ nayenso amalowa ngati W. Chofunika ndi chakuti musankhe njira imodzi lero ndipo musadzaisinthe.

Kadzidzi:
Pali njira inanso yoti muiganizire ya Lamulungu: bokosi lililonse kukhala ndi phatikizo lathunthu, monga amachitira a ku Japan ndi zilembo zawo za kana. CHI-PE-MBE-RE akhala mabokosi anayi basi, ndipo vuto la mzere wapansi lija likutheratu chifukwa RE, ZA kapena LU akhoza kuyamba kapena kukhala pakati pa mawu ena. Chichewa chimakwanira bwino pamenepo. Koma owerenga ayambe azolowera yachizolowezi.

Wamabokosi:
Zikomo nonse. Chimango chadzaza, nyama zinayi zili m'malo mwake, ndipo akonzi avomera cha ku Britain nditawaonetsa mzere wa a, e, i, o, u uja. Funso la NANZIKAMBE ndalemba kuti “Amayenda monyang'wa, amasintha zovala osavula (10)”. Mayi Nachisale, ndikutumizirani madzulo ano muiyese musanaone mayankho, mundiuze mphindi zomwe yakutengerani ndi pomwe mwakakamira.