Kodi mphoto za Tony ndi za masewero a dziko lonse lapansi?

Mphunzitsi wa zisudzo:
Moni nonse. Ndimaphunzitsa zisudzo pa sukulu ina ya sekondale, ndipo posachedwapa ndinaonera pa YouTube zigawo za mwambo wopereka mphoto za Tony, womwe umachitika chaka ndi chaka ku New York ndi kuulutsidwa pa wailesi ya kanema. Chandizunguza mutu n'chakuti masewero onse amene ankatchulidwa anali oonetsedwa mumzinda umodzi womwewo. Kodi sewero lopekedwa ku Africa kapena ku London lingapikisane nawo? Nanga amasankha opambana ndi ndani?

Gogo wa mabuku:
Aphunzitsi, mphotozi si za dziko lonse, ngakhalenso America yenseyo sizimukwanira. Kuti sewero lilowe mumpikisano liyenera kuonetsedwa mu imodzi mwa nyumba za zisudzo zotchedwa za Broadway, zomwe zilipo 41 zokha, zonse ku Manhattan, chigawo cha mzinda wa New York, ndipo iliyonse ili ndi mipando 500 kapena kuposerapo. Sewero loonetsedwa mu holo ya mipando 300, ngakhale litakoma chotani, limawerengedwa la Off-Broadway ndipo khomo la Tony ndi lotseka kwa ilo.

Dzinali linachokera kwa mayi Antoinette Perry, katswiri wochita ndi kutsogolera zisudzo, yemwe anzake ankamutchula kuti Tony. Iye anamwalira mu 1946, ndipo chaka chotsatira bungwe la American Theatre Wing linachititsa mwambo woyamba pa hotela ya Waldorf Astoria pomukumbukira. Panthawiyo kunalibe mendulo imene opambana amalandira lero, ya nkhope ziwiri, yoseka ndi yolira, chifukwa inayamba kuperekedwa mu 1949. Kagulu kochepa ka akadaulo ndiko kamatchula opikisana, kenaka anthu pafupifupi 800 a ntchito za zisudzo amavota, ndipo aliyense amayenera kuonera masewero onse a m'gawo limene akuvoterapo.

Wa ku Johannesburg:
Ndiwonjezere pa zimene Agogo afotokoza, kuopa kuti Aphunzitsi angaganize kuti Mwafirika sangaione mphotoyi. Chimene amayang'ana ndi malo amene sewero laonetsedwera, osati kumene linabadwira. Mu 1975 John Kani ndi Winston Ntshona a kuno ku South Africa analandira pamodzi mphoto ya mwamuna wochita bwino koposa m'sewero, chifukwa cha Sizwe Banzi Is Dead ndi The Island, masewero amene anapeka limodzi ndi Athol Fugard pa za malamulo a ziphaso ndi ndende ya Robben Island. Kwawo anali pansi pa ulamuliro wa tsankho, koma masewerowo atafika ku Broadway anapikisana ngati ena onse. A ku London nawo amawoloka nyanja kawirikawiri, ngakhale kuti kumeneko ali ndi mphoto zawo za Olivier, zomwe zinayamba mu 1976.

Mlongo wanu ku New York:
Zonsezi n'zoona, koma ine ndimauona mwambowu ngati msika. Unayamba kuulutsidwa dziko lonse la America mu 1967, ndipo kuyambira 1978 umaoneka pa wailesi ya kanema ya CBS, kawirikawiri mwezi wa June. Mukauonetsetsa, nthawi yaikulu imapita ku masewero oimba ndi kuvina, poti lililonse limapatsidwa mphindi zingapo zoonetsa nyimbo imodzi pamaso pa anthu amene mwina adzagula matikiti akadzabwera kuno. Masewero olankhula okhaokha savinika pa kanema, choncho amangodutsidwa mwachangu, zomwe ine zimandiwawa.

Chaka china ndinadutsa pafupi ndi Times Square, dera limene kuli nyumba zambiri za Broadway, patangopita masiku ochepa mwambo utachitika. Pakhomo la nyumba ina anali atapachika kale chikwangwani chachikulu cholengeza kuti sewero lawo lapambana, ndipo mzere wa ogula matikiti unafika mumsewu, pamene sewero lina limene ndinkafuna kuonera, lomwe linabwerako chimanjamanja, linali litalengeza tsiku lotseka. Ndinathamangira kukagula tikiti ya mlungu womaliza, ndipo ndinakhala pampando wa kumbuyo kwenikweni.

Mphunzitsi wa zisudzo:
Zikomo kwambiri nonse. Nkhani ya a Kani ndi a Ntshona ndikaifotokozera ana anga Lachisanu, pakuti iwo amakhulupirira kuti sewero la anthu awiri kapena atatu, lopanda zovala zodula, silingapite patali.