Bambo anga a shuga akufuna kusala kudya masiku atatu kuti “maselo adziyeretse”, ndithandizeni nzeru

Membala wosatchula dzina

Moni nonse a pa gulu lino. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ndi ya bambo anga ndipo abale ambiri ali pompano.

Bambo ali ndi zaka zopitirira 60, amakhala cha ku Makawa, ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zingapo. Kuchipatala amalandira metformin ndi glibenclamide. Mnzawo wina wa kudoko anawatumizira kanema pa WhatsApp wonena za autophagy, kudziyeretsa kwa maselo. Akuti munthu ukakhala masiku atatu osadya, kumangomwa madzi okha, maselo a m'thupi amayamba kudya zoipa zonse, shuga amatheratu, ngakhale khansa siikuyandikira. Mu kanemamo akutchulanso kuti wasayansi wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel pa nkhani yomweyi, ndipo apa ndi pomwe bambo agwira mwamphamvu. Akuti iwo anayamba kusala mwezi wa Ramadhani ali mnyamata, ndiye masiku atatu sangawawopse. Choopsa kwambiri kwa ine n'chakuti akufuna kusiyanso mapiritsi pa masiku amenewo, kuti asasokoneze ntchito ya thupi.

Bambowo ndi owonda kale, mikono yayamba kuchepa. Sindikufuna kuwauza kuti ndi bodza ndisanamvetse bwino, komanso sindingawakalipire ngati mwana. Amene mukudziwa, kodi za maselozi ndi zoona? Nanga kwa munthu wa shuga zili bwanji? Ndiwalankhule motani kuti amve?

Mphunzitsi wa Biology, Namwera

Achimwene, kanemayo wasakaniza zoona ndi zowonjezera, n'chifukwa chake akukopa anthu. Wasayansiyo ndi Yoshinori Ohsumi, ndipo analandiradi mphoto ya Nobel mu 2016. Koma ntchito yake anaichita pa yisiti, yemweyu timafufumitsira mandasi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anamana chakudya maselo a yisiti n'kuona pa maikulosikopu timatumba tikudzaza mkati mwa selo, kenako anapeza majini 15 oyendetsa ntchitoyi. Sanalandire mphotoyo chifukwa chochiza odwala ndi kusala kudya.

Mmene autophagy imachitikira ndi motere. Selo lililonse lili ndi zinthu zomwe zimakalamba: mapuloteni opindika molakwika, ma mitochondria otopa amene sakupanganso mphamvu bwino, nthawi zina ngakhale tizilombo tolowerera. Selo limamanga kathumba kozungulira chinthu chotere, kathumbako kamatsekeka n'kukalumikizana ndi lysosome, komwe ndi kathumba kena kokhala ndi asidi ndi ma enzyme ogaya. Lysosome ameneyu anamutulukira Christian de Duve wa ku Belgium mu 1955. Mkatimo zinthu zija zimaphwanyidwa n'kubwerera ku tizidutswa take, monga ma amino acid, ndipo selo limatenga tizidutswato kumangira zatsopano. Zili ngati mmene timagwetsera khitchini yong'aluka, njerwa zabwino n'kuzisunga kuti timangire ina.

Palinso njira yachiwiri imene makanemawa saitchula. Puloteni imodzi-imodzi ikawonongeka kapena ikatha ntchito, selo limaimata chizindikiro chotchedwa ubiquitin, ndipo yomatidwayo imalowa mu kachigayo ka m'selo kotchedwa proteasome n'kudulidwa tizidutswa. Amene anafotokoza njirayi, Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, analandira Nobel ya Chemistry mu 2004.

Chimene ndikufuna muwauze bambo ndi ichi: ntchito imeneyi sidikira kuti munthu asale. Ikuchitika pano m'thupi mwawo, usana ndi usiku. Munthu wamkulu amaphwanya ndi kumanganso mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 250 mpaka 300 pa tsiku, kuposa kutali amene amadya mu usipa, nyemba ndi mazira. Maselo ofiira a magazi nawo amakhala masiku pafupifupi 120, akakalamba thupi limawaphwanya n'kusunga ayironi wake kuti apangire ena. Njala imangokweza liwiro la autophagy, chifukwa selo likaona kuti ma amino acid achepa limayamba kudzipezera kuchokera mkati.

Membala wosatchula dzina

Zikomo aphunzitsi. Ndiye ngati njala imakweza liwiro, bambo sadzanena kuti ndiye bwino asale kumene?

Mphunzitsi wa Biology, Namwera

Adzanenadi, ndipo ndi funso labwino. Vuto ndi lakuti thupi la munthu wanjala siliphwanya zoipa zokha. Shuga wosungidwa m'chiwindi amatha pakadutsa pafupifupi tsiku limodzi. Ubongo umafunabe shuga, ndiye thupi limayamba kuphwanya mapuloteni a m'minofu kuti chiwindi chipange shuga watsopano. Kwa mnyamata wonenepa kutaya kumeneko n'kochepa ndipo amabwezeretsa. Kwa bambo achikulire amene mikono yachepa kale, minofu yotayikayo imavuta kubwerera, ndipo minofu yomweyo ndi imene imayamwa shuga wambiri m'magazi munthu akadya. Komanso zambiri zomwe zimadziwika pa kusala ndi autophagy zachokera ku yisiti, nyongolotsi, ntchentche ndi mbewa za mu labu. Kuyeza autophagy mwa munthu wamoyo n'kovuta kwambiri, choncho amene amakuuzani kuti imayamba pa ola lakutilakuti akunena zimene asayansi sanazitsimikize.

Clinical officer, Mangochi boma

Ine ndilankhule za mankhwala, chifukwa apa ndi pomwe pali ngozi yapafupi. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Bambo akamwa koma osadya, shuga akhoza kutsika kwambiri: kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, kulankhula zosamveka, mpaka kukomoka. Kwa achikulire kutsikako kumatha kukhalitsa maola ambiri. Akasiya mapiritsi onse monga akunenera, mbali inayo ndi shuga kukwera, kukodza pafupipafupi ndi kutha madzi m'thupi, ndipo inu mukudziwa mmene Mangochi imatenthera. Impso za munthu wa shuga sizifuna kuseweredwa ndi kusowa madzi.

Muyeso wake ndi uwu: shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, munthu ayenera kumwa kapena kudya chotsekemera nthawi yomweyo, monga madzi a shuga kapena Sobo wosungunula, kenako chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Chonde asasinthe kamwedwe ka mankhwala asanaonane ndi amene amawaona ku kiliniki ya shuga. Pitani nawo limodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo mukanene zonse poyera, ndi za kanemayo zomwe.

Mayi wa ku Monkey Bay

Koma inu musaopseze anthu. Ine ndimadya komaliza dzuwa likamalowa, m'mawa sindidya mpaka nkhomaliro, ndipo thupi latsika, mawondo asiya kuwawa. Kusala kumathandiza ndithu.

Clinical officer, Mangochi boma

Amayi, sindikutsutsani. Kwa munthu wonenepa amene samwa mankhwala otsitsa shuga, kuchepetsa nthawi yodya kumathandiza ambiri, makamaka chifukwa amadya zochepa. Ngakhale shuga wa mtundu wachiwiri amatha kubwerera m'mbuyo mwa anthu ena onenepa akachepetsa thupi kwambiri moyang'aniridwa ndi achipatala. Koma bambo awa ndi owonda, ndi achikulire, ali pa glibenclamide, ndipo akunena za masiku atatu athunthu. Nkhani yawo ndi yosiyana ndi yanu.

Mkulu wa ku Malindi

Asalamu alaikum mwana wanga. Ine sindine wa sayansi koma ndasala Ramadhani zaka zambiri. Akumbutseni bambo anu mwaulemu kuti kusala kwathu ndi kwa usana wokha. Timadya m'bandakucha, dzuwa likalowa timadyanso ndi kumwa. Palibe pamene chipembedzo chinatilamula kukhala masiku atatu osaika kanthu m'mimba, ndipo kulumikiza masiku osadya usiku Mtumiki analetsa. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, wodwala anapatsidwa chilolezo chosiya n'kudzabweza masiku ena. Ngati mawu a mwana akuwalemera, pitani kwa shehe amene amamukhulupirira kapena kwa mnzawo wamkulu, nkhaniyi ituluke pakamwa pa ofanana nawo msinkhu. Ife akuluakulu timamva msanga choncho.

Wophunzira za mankhwala, Blantyre

Ndiwonjezere pa za khansa zija, chifukwa zimandipweteka ndikaona anthu akusiya chithandizo. Autophagy imathandizadi selo labwino kuchotsa zowonongeka zisanabweretse vuto. Koma chotupa chikakula kale, maselo a khansa nawonso amagwiritsa ntchito njira yomweyo kuti apirire njala ndi mankhwala. N'chifukwa chake ofufuza ena akuyesa kuitseka mwa odwala khansa m'malo moikweza, ndipo amagwiritsa ntchito hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja tinkamwa pa malungo dziko lathu lisanamusiye mu 1993. Mankhwalawa amachepetsa asidi wa mu lysosome ndipo kugaya kumaima. Palinso bortezomib, mankhwala a khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa multiple myeloma, amene amatseka proteasome kuti mapuloteni owonongeka aunjikane mpaka selo la khansa life. Zonsezi ndi za madokotala, wina asakagule chloroquine kuti ayesere kunyumba.

Membala wosatchula dzina

Mwandithandiza kwambiri nonse. Ndalankhula ndi amalume, amene bambo amawamvera, ndipo avomera kuti tikhale nawo pansi limodzi. Ndiyamba ndi kuwauza kuti za Nobel ndi zoona komanso kuti thupi lawo likuchita kale ntchitoyi, kenako za minofu ndi glibenclamide. Funso lina kwa achipatala: Ramadhani ikafika, ndikudziwa kuti adzafunabe kusala. Tikonzekere bwanji?

Clinical officer, Mangochi boma

Bwerani nawo ku kiliniki kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti Ramadhani iyambe. Tidzaona mmene shuga wawo wakhala akuyendera, BP ndi impso, n'kuwauza ngati angathe kusala kapena ayi. Ngati angathe, nthawi yomwera mankhwala ndi mlingo wake zimasinthidwa, ndipo nthawi zina glibenclamide timamusintha ndi mankhwala ena osatsitsa shuga kwambiri. Ngati mungakwanitse, agulireni kamakina koyezera shuga kunyumba ndi timapepala take, aziyeza masana ndi madzulo asanadye. Chakudya cha m'bandakucha asachidumphe, ndipo chikhale ndi ndiwo zomanga thupi monga usipa, nyemba kapena dzira, osati tiyi wa shuga ndi buledi yekha.