Gauni yoyera: tiwaveke akangofika kapena akamalowa kiliniki?

Mphunzitsi wa kiliniki
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ana athu a optometry (maphunziro oyeza maso ndi kupereka magalasi) akakamira kuti tiwachitire mwambo wowaveka gauni yoyera, white coat ceremony amaionera pa TikTok ija. Komiti tikukhala Lachisanu ndipo tagawikana. Ena akuti tichite akangofika chaka choyamba makolo akadali ndi chimwemwe, ena akuti tidikire akamayamba kuona odwala. Amene ndimatsala nawo anawa mu kiliniki ndine, koma wondimvera palibe. A chaka choyamba asonkha kale ndalama, telala amupeza kale, ine ndangomva dzulo. Mwana sanagwirepo retinoscope (katochi koyezera mphamvu ya magalasi oyenera diso), trial frame (felemu yoyesera magalasi) akuyiveka chozondoka, ndimuveke gauni ndimulumbiritse? Nawo a chaka chachitatu akuti ang'onowo akayamba kuvala iwo sabwera. Amene munachitapo munachita liti, ndipo chinatulukapo n'chiyani kupatula zithunzi?

Mdala wa retinoscope
Asavale mpaka akhoze practical ya retinoscopy, kuyeza diso ndi retinoscope. Basi. Ife gauni tinkagula tokha pa kaunjika, kuichapa ndi jiki, palibe anatiombera m'manja.

Mlongo wa ku America
Achimwene, nkhaniyi ngakhale kuno kumene inachokera sanagwirizane. Mwambowu unatchuka kuchokera ku Columbia University ku New York mu 1993, pa sukulu ya madokotala, ndi Arnold P. Gold Foundation. Maganizo awo anali oti lumbiro lisamadikire tsiku la graduation munthu atazolowera kale kuona wodwala ngati nambala ya bedi, alumbire tsiku loyamba. Ndiye amene akuti chaka choyamba sakubwebweta ayi, ndi mmene unayambira. Koma sukulu za optometry kuno ndi pawiri. Zina zimaveka akangoyamba, zina zimadikira kumapeto kwa chaka chachiwiri pamene akupita kukakumana ndi odwala enieni. Kwathu tinavala kumapeto kwa chaka chachiwiriko, ndipo ndinalira, chifukwa ndinkadziwa optics (phunziro la kuwala ndi magalasi) yomwe ndadutsamo. Chenjezo langa n'lakuti musakopere mwachimbulimbuli. Kuno wolowa OD, digiri ya optometry, amakhala ali kale ndi digiri ina, ndi wamkulu, kenako zaka 4 pamwamba. Anu ambiri akuchokera ku Form 4.

Mdala wa retinoscope
Mwamva? Form 4. Akhoze kaye retinoscopy.

Wa outreach
Kkkk mdala simusintha. Koma ndikuuzeni zomwe gauni imachita kumudzi. Chaka china tinapita outreach pa pulaimale ina, tinatenga ana athu a optometry anayi kuti azingotenga VA pa Snellen (kuyeza mmene munthu akuonera pa tchati cha zilembo), osapitirira pamenepo. Mmodzi anabwera ndi gauni yake yositasita, ine ndinali m'T-shirt chifukwa kunali kotentha, mwezi wa Okutobala. Mzere wonse unasamukira kwa iye. Agogo ena atawaitana kwa ine anakana, akuti ndikudikira adokotalawo, inu a magalasi ndibwera pambuyo. Mnyamatayo nayenso kumva kukoma, wayamba kuyankha mafunso. Ndimapita kukasuzumira ndampeza akuwauza agogo aja kuti magalasi awathandiza. Diso lakumanja akungoona dzanja likamagwedezeka, mwanadiso wayera mbee, ng'ala yokhwima yoti tochi ya pafoni ikuonetsa. Akanapita kwawo kukadikira magalasi m'malo mopita kukachotsa ng'ala. Sikuti mwanayo anali woipa mtima, koma munthu wamkulu akakutchula adokotala kasanu zimavuta kunena kuti dikirani ndikafunse.

Mphunzitsi wa kiliniki
Ndi zimenezotu zomwe ndikuopa. Koma ndikanena mu komiti akuti ndikulimbana ndi ana.

Achemwali a dispensing
Ine ndiimirako kwina pang'ono. Mwana wa pa outreach uja analakwitsa chifukwa palibe anamuuza tanthauzo la chomwe wavala. Anangoigula. Mwambo ukachitika bwino ndi pomwe wamkulu amaima n'kunena pamaso pa makolo kuti chovala ichi sichikupanga iwe dokotala, ukalephera kuona fundus (mkati mwa diso chakumbuyo) unene kuti sindikuona, usalembe normal. Mawu amenewo akufunika msanga, osati chaka chachitatu atatengera kale makhalidwe kwa akuluakulu awo ku hostel. Koma samalani ndalama. Mukangoti mwambo, kubwera yunifolomu ya makolo, keke, wojambula, minibasi yahayala kuchokera kumudzi. Alipo ana oti fizi ikuwavuta, tsikulo adzakhala kumbuyo okha opanda wowaveka. Mukachita, gauni igulidwe ndi dipatimenti, zofanana zonse, osalola kusokerapo Dr. Ndinaonapo ina yolembedwa choncho, mwini wake asanakhoze ngakhale anatomy.

Mdala wa retinoscope
Mawu angathe kuwauza m'kalasi opanda keke. Gauni ndi ya munthu woti ndikamupatsa diso m'chipinda chamdima andiuza with kapena against (mbali yomwe kuwala kwa retinoscope kukuyendera m'diso) osaphethira, n'kuchotsa working distance (nambala yochotsera mtunda wa pakati pa woyeza ndi wodwala) osawerenga zala.

Achemwali a dispensing
Bambo, nanga inuyo tsiku loyamba munachotsa working distance?

Mdala wa retinoscope
Ndinaiwala, ndinamupatsa munthu magalasi opitirira mphamvu ndi plus 1.50, anabwerera mawa lake akuti msewu ukuoneka ngati muli chifunga. N'chifukwa chake ndikunena. Ndinalibe chithunzi pakhoma kwa amayi chonena kuti ndatha.

Wa ku Leeds
Mukulimbirana chovala choti kuno ku England anachitaya. Kuyambira 2007 boma linabweretsa lamulo la bare below the elbows m'zipatala za boma za NHS, mikono ikhale pamtunda kuyambira pachigongono, ndiye gauni ya manja aatali inathera pomwepo. Nkhani yake ndi majeremusi, manja a gauni amakhudza wodwala uyu ndi uyo ndipo anthu sachapa tsiku lililonse. Taganizani nyengo ya maso ofiira ija, mwana wadalira pa slit lamp (makina oonera diso pafupi), wapukutira chala pathumba, wapita kwa wina. Chomwe chimamanga mwana wa optometry kuno si nsalu, ndi kulembetsa ku General Optical Council, bungwe loyang'anira ogwira ntchito ya maso, akadali pasukulu, akachita zopusa amayankha komweko. Mukaveka gauni, muwauzenso kuti ichapidwa kangati komanso kuti siyopita nayo ku cafeteria.

Wa outreach
Ku cafeteria n'pafupi. Wina anakwera nayo minibasi, mayi wina atakomoka anthu onse maso kwa iye. Anatsika pa siteji yoti si yake.

Achemwali a dispensing
Kkkkk. Komanso muwachenjeze za fluorescein, utoto wothira m'diso poyeza, ikadonthera pachifuwa tsiku loyamba chikasu chake mpaka Khirisimasi.

Mlongo wa ku America
China chomwe simunatchule ndi obwereza chaka. Mukaveka chaka choyamba, ena mwa ana amenewo sadzafika ku kiliniki, optics idzawagwetsa, ena adzachotsedwa. Chithunzi chili kale pa status ya banja lonse, kutchalitchi alengeza. Ndikudziwa wina amene anabisa chaka chathunthu kuti anamuchotsa chifukwa cha manyazi a gauni. Koma mukaveka mochedwa vuto lake lilinso pompo: amene walephera practical sabata imeneyo, anzake akuvala iye atani? Kuno ena amamuveka ndithu, ena amamudikiritsa chaka chamawa. Zimenezi mugwirizane musanatchule tsiku, osati makolo atafika kale pageti.

Mdala wa retinoscope
Wolephera asavale. Ndi zomwe ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa.

Mphunzitsi wa kiliniki
Nanga ndalama asonkha kale zija nditani nazo? Telala akuti nsalu wadula.

Wa outreach
Asunge m'sutikesi, sizivunda. Kungoti ena pofika chaka chachitatu sizidzawakwana, nsima ya ku hostel simasewera. Mwa njira, alipo akudziwa komwe ndingapeze babu ya retinoscope ya Heine? Yathu yapsa Lolemba, tikubwerekana imodzi anthu atatu.

Wa ku Leeds
Ndi ya 2.5V kapena 3.5V? Muone pa handle musanaitanitse, mukaika ya 2.5V pa handle ya 3.5V ipsanso.

Wa outreach
Ndikaona mawa, kabati watseka ndi amene wapita ku maliro.