Zilembo zopendekeka za pa chikwangwani cha shopu ya madiresi: ndisankhe ziti?

Telala wa pa Kasungu boma:
Moni nonse. Ine ndimasoka madiresi a ukwati, a chinkhoswe ndi masuti a zitenje, kashopu kanga kali pafupi ndi msewu wa M1. Chikwangwani changa chili ndi zilembo zakuda zikuluzikulu, ndiye odutsa amangoti muno ndi mokonzetsa mazipi ndi kupinditsa matalauza. Zimandiwawa, chifukwa ntchito imene ndimaikira mtima ndi ya akwati. Ndikufuna mayi amene akukwatitsa mwana wake akangoona dzina la shopu aime.

Zimene mtima wanga wakonda ndi zilembo zija zopendekeka pang'ono, zokhala ndi timichira kumapeto, mbali ina yonenepa, ina yopyapyala ngati ulusi. Ndimaziona pa mabotolo a mafuta onunkhira ndi m'magazini a mafashoni. Mwana wa mchemwali wanga anandionetsa pa Canva, pulogalamu ija yokonzera zithunzi, koma zilipo zambirimbiri. Ndikufuna mtundu umodzi wokha woti ukhale pa chikwangwani, pa kansalu kosokerera pakhosi pa diresi, ndi pa zithunzi zimene ndimaika pa WhatsApp. Fodya akayamba kugulitsidwa maoda a maukwati amachuluka, ndiye ndikufuna zitheke isanafike nthawi imeneyo. Ndithandizeni.

Wokonza zithunzi wa ku Santhe:
Mayi, zimene mukunenazo ndi za banja la Didot ndi Bodoni. Didot anazipanga Firmin Didot ku Paris, Bodoni anazipanga Giambattista Bodoni ku Parma, onse cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Dzina la magazini ya Harper's Bazaar pachikuto ndi la mtundu wa Didot, la Vogue nalonso ndi la banja lomwelo, n'chifukwa chake maso athu anazolowera kuti zilembo zotere ndi za zinthu zodula.

Inu yesani mtundu wa zilembo wotchedwa Playfair Display Italic (Italic ndiye kuti zopendekeka). Anaipanga Claus Eggers Sørensen wa ku Denmark mu 2011, ili pa Google Fonts, tsamba la pa intaneti lotengapo mitundu ya zilembo, ndi yaulere ndipo ndi yololedwa kuigwiritsa ntchito pa bizinesi. Cormorant Garamond Italic ndi yokongolanso, koma ndi yowonda kwambiri.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Ena amangotenga zilembo zoongoka n'kuzikankhira kumbali pa kompyuta. Mudzazizindikira pa chilembo a: m'zopendekeka zenizeni chimasintha, chimakhala chobulungira monga timalembera ndi dzanja, ndipo f amatsitsa mchira pansi pa mzere. Zilembo zimenezi zinachokeradi ku kalembedwe ka dzanja. Wosindikiza mabuku wina dzina lake Aldus Manutius atazisindikiza m'buku ku Venice mu 1501, zopendekeka zinali zing'onozing'ono zokha, zikuluzikulu zinali zoongoka. Ndiye dzina la shopu musalilembe lonse ndi zikuluzikulu, kukoma kwake kuli m'zing'onozing'onomo.

Wolemba zikwangwani wa pa Chinkhoma:
Achimwene a ku Santhe anena zoona, koma za pa kompyuta ndi za pa lata n'zosiyana. Timizere topyapyalato munthu ali mu minibasi pa M1 satiwona, amangoona zidutswa za zilembo. Fumbi la mu Okutobala likakhala pamenepo ndiye zatheratu. Mukadulitsa sitika, dzuwa limayamba kumatula pomwe pali popyapyala pomwepo, kamchira ka y kamapindika miyezi isanapite patali.

Mayi, musazisiye zilembozo, koma tengani zonenepa zake, Playfair ili ndi Bold Italic. Dzina lokha la shopu ndilo likhale lopendekeka ndipo likule ndithu. Mawu oti "Timasoka madiresi a ukwati ndi chinkhoswe" komanso nambala ya foni zikhale zoongoka, zopanda timichira. Penti wagolide pa lata loyera ayi, masana saoneka. Golide akhale pa chakuda kapena pa chobiriwira chakuda. Musanalipire, sindikizani dzinalo papepala lalikulu, mulimate pakhoma, muwoloke msewu mukaliwerenge muli tsidya linalo.

Mayi wa makadi a ukwati ku Mchinji:
Anzanga, ine ndiwonjezere za Chichewa chathu. Musanasankhe, lembani mawu okhala ndi ŵ ndi ng', monga Malaŵi ndi ng'ona. Mafonti (mitundu ya zilembo) ambiri aulere a pa intaneti alibe ŵ, pamalopo pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. Kachizindikiro ka mu ng' nakonso kakhale kopindika, osati kandodo koongoka, ndipo kasagundane ndi g.

Za kansalu ka pakhosi, ulusi sungathe kutsata timizere tating'ono choncho. Muikepo chilembo choyamba chokha cha dzina lanu, chachikulu, dzina lonse likhale pa kakadi kolendewera kumkono.

Telala wa pa Kasungu boma:
Zikomo kwambiri nonse. Dzina la shopu yanga lili ndi ng', ndiye madzulo ano mwana uja akabwera tiyamba kuyesa chimenecho pa Playfair Bold Italic. Za chilembo chimodzi pakhosi ndazikonda, ndiyesa pa diresi la chinkhoswe limene ndili nalo pa makina. Bambo a pa Chinkhoma, lata lotalika mamita awiri, golide pa chakuda, mungalembe ndi bulashi kapena pafunika sitika basi? Ine ndikanakonda penti.