Thandizeni maganizo: malo akale a chionetsero tikufuna akhale bwalo la masewero

Membala wobisa dzina:
Abale anga a pa gulu, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Kwathu kuno ku Ntcheu, njira yolowera ku Tsangano, kuli malo omwe kale ankachitirapo chionetsero cha zaulimi. Ndili mwana ndinkaona alimi atayala kachewere ndi kabichi m'mashedi, ng'ombe zili m'makola. Lero malata anadyeka ndi dzimbiri, simenti inang'aluka mpaka m'ming'alumo munamera chisoso, usiku mumagona mbuzi. Achinyamatafe tikufuna pakhale bwalo la mpira, shedi yaikuluyo ikhale holo ya maukwati ndi misonkhano. Tinasonkha kandalama, koma msungichuma wathu, yemwe ndi mlamu wanga, anasiya kuyankha foni chikwatireni mkazi wachiwiri, ndipo mchemwali wanga akukwiyira ine ngati ndinamupezera ndine. Komanso mpira ndinagula ndi ndalama zanga, koma pamsonkhano sananditchule n'komwe. Tiyambire pati? Mvula ikagwa anthu alimapo.

Mngoni wa pa Lizulu:
Ana a masiku ano mpira basi! Chionetserocho n'chomwe chinaphunzitsa makolo anu kusankha mbewu. Ntcheu amadziwika ndi kachewere ndi kabichi, osati zigoli. Bwezeretsani chionetsero, mavenda asiye kutiba pamsewu wa M1.

Mayi a Ntchemberembaye:
Mukati mpira mukunena wa anyamata okha, ndikudziwa. Atsikana azisewera pati? Bwalo la mpira wa manja ndi mamita 30.5 mulitali, 15.25 mulifupi basi. Ngati simenti ya shedi ina ingakonzeke, yambani ndi limenelo. Ma Queens atitchukitsa kunja kuposa anyamata anuwo.

Mngoni wa pa Lizulu:
Mayi, ma Queens amadya chiyani? Si mbatatesi zathu zomwezi?

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, wafotokoza za mlamu ndi mbuzi, koma malowo ndi a ndani? A khonsolo, a zaulimi, kapena ali m'manja mwa mfumu? Malamulo a malo amasiyanitsa malo a boma, a mafumu ndi a munthu payekha. Yankho limenelo ndi lomwe likuuzeni khomo logogoda.

Wa ku Dedza Kozizira:
Aphunzitsi anena zoona. Ife tinasalaza bwalo ndi makasu miyezi iwiri, matuza m'manja, tinazika zigoli za bulugamu. Tsiku lotsegulira munthu anatulukira ndi mapepala a lizi. Pano pali chigayo. Ndikadutsapo mtima umandiwawa mpaka lero.

Chikondi Chilipo:
Ine za mlamuyo ndi zomwe zandikhudza. Mchemwali wanu ali bwanji? Ankhoswe akudziwa?

Mngoni wa pa Lizulu:
Mwaona? Ngakhale a ku Dedza pathera chigayo, ndiye kuti ulimi wapambana. Ali ndi Dedza Dynamos yawo, koma pakhomo amadalira munda. Holo ya maukwatiyo adzalipire ndani, mlimi akapanda kugulitsa?

Wa ku Dedza Kozizira:
Akulu, musaseke tsoka la mnzanu. Dedza Dynamos ikamasewera pakhomo, amayi a chimanga chootcha ndi akabaza amapeza ndalama. Amenewo si alimi?

Mlembi wa VDC:
Pitani nayo nkhaniyi ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ikwere ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), ilowe m'mapulani a chitukuko a khonsolo. Gulu lanu likhale ndi malamulo olembedwa. Tsegulani akaunti yosainira anthu atatu, ndalama zichoke m'thumba la munthu. Ku boma kuli ofesala wa zamasewero, mukamuone. Malata akalewo ana asakwerepo, muitane mmisiri aone mitanda kaye.

Mngoni wa pa Lizulu:
Ma komiti omwewo! Ine ndanena, shedi imodzi isiyidwe ya alimi. Mukaigwetsa ndibwera ndekha.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ankhoswe akumana Loweruka, mlamuyo akuti abweza theka. Mayi, atsikana sitinawaiwale. Kodi udzu wabwino wodzala pabwalo ndi kapinga?

Mphunzitsi Wopuma:
Kapinga adikire, mwana wanga. Ndafunsa kuti malowo ndi a ndani?