Chilonda cha msodzi chikukana maantibayotiki, tichite chiyani?

Namwino, Nkhotakota: Akuluakulu azaumoyo, thandizeni nzeru. Bambo ena, asodzi, ali ndi chilonda pamsongolo kwa miyezi itatu tsopano. Amwa amoxicillin, kenako cloxacillin, koma sichikupola. Pamwamba pali choterera chotuwa chimene chimabwereranso ukapukuta, ndipo bandeji ikumachoka yobiriwira. Thupi silikutentha. Tiwapatse ciprofloxacin?

Clinical officer, Salima: Asisi, cipro ayambe wadikira. Chotereracho ndi biofilm. Mabakiteriya amadzikuta ndi ulimbo wopanga okha n'kukakamira pachilonda ngati ndere pamwala wa m'nyanja. Mankhwala akumwa salowamo mokwanira, ndipo ambiri mwa mabakiteriyawo amakhala atagona, chonsecho amoxicillin ndi cloxacillin amapha okhawo amene akuswana. Kubiriwirako kukuloza mabakiteriya otchedwa Pseudomonas, amene samva mankhwala onse awiriwo.

Ntchito yagona pa kupala. Yambani mwamva ngati mtsempha wa paphazi ukugunda. Ngati sukumveka musadule kanthu, atumizeni kuchipatala chachikulu. Ngati ukugunda, thirani lignocaine (mankhwala ochititsa dzanzi), palani choterera ndi mnofu wakufa mpaka pafiire, n'kutsuka ndi saline (madzi amchere a kuchipatala) wambiri. Akasowa, sungunulani magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa.

Biofilm imabwerera m'masiku awiri kapena atatu, ndiye musapale n'kungomanga. Sakanizani gawo limodzi la viniga woyera wa 5% ndi magawo anayi a madzi owiritsa, apo mwapeza 1%. Nyowetsani gauze, ikhale pachilonda mphindi 15, kawiri patsiku. Zimabaya, achenjezeni.

Wa ku pharmacy: Afunseninso bambowo ngati sakutsegula makapisozi n'kumawaza ufa wake pachilonda. Ambiri amatero, ndipo zimangozoloweretsa mabakiteriya mankhwala. Cipro ndi mmodzi mwa ochepa akumwa amene amagwira Pseudomonas, tisamuwononge chonde. Asungireni tsiku limene kufiira kwapitirira masentimita 2 kuchokera m'mphepete, mwendo watupa, kapena thupi latentha.

Namwino: Zikomo. Vuto lina, akuti sangasiye kupita kunyanja.

Clinical officer: Bandeji ikanyowa ndi madzi a m'nyanja ndiye kuti mwayambiranso. Kambiranani ndi akubanja kwawo, apume ngakhale milungu iwiri, ndipo akakhala pansi azitukula mwendo. Ayezeni shuga, HIV ndi kuchuluka kwa magazi. Muziyeza chilondacho ndi rula sabata iliyonse. Chikapanda kuchepa pakatha milungu inayi, kapena m'mphepete mukatukuka n'kuuma gwa, apite kukadulidwa kachidutswa kokayeza, chifukwa khansa yapakhungu imayambanso pa zilonda zokhalitsa.